Mizere ya Mlendo m'Munda wa a Simiyoni

Loweruka lapitali tinali kumudzi, kuseri kwa Tsangano, kukaona chiliza cha atsibweni anga a Simiyoni, popeza chaka chakwana chitisiyireni. Kunazizira koopsa, nkhungu itakuta phiri lonse, ndipo onse amene anaimirira kulankhula ananena zokoma zokhazokha. Ati anali munthu wofatsa, ati sankakangana ndi munthu. Ine ndinayang'ana aNabanda, akazi awo, ndipo ndinaona atatseka pakamwa ndi nsonga ya mpango, mapewa akugwedera. Ena ankayesa akulira. Ayi ndithu, ankaseka. Wofatsa uti? Atsibweni anali amakani kuposa ng'ombe yapagoli yokana kuwoloka mtsinje, kungoti makani awo ankachita akumwetulira, Baibulo lili m'khwapa. N'chifukwa chake ndati ndilembe ndekha za iwo, anthu asanawasandutse munthu wina.

Anali achimwene awo a mayi anga, aatali, owonda, ndi chijasi chakuda chimene anabwera nacho ku Joni, kumene anakagwira ntchito m'migodi ali mnyamata. Chijasicho chinabwera limodzi ndi chifuwa chosatha. Kuwerenga sankadziwa mpaka imvi zitayamba m'mbali mwa makutu. Sukulu ya kwacha itafika kwathu, anakakhala pansi pa mtengo pakati pa azimayi, mwamuna yekhayekha, miyendo yaitali ija ataipinda, akutchula zilembo mokweza kuposa onse. Amuna anzawo podutsa ndi ngolo ankawaseka. "Kodi a Simiyoni, mukufuna ukalaliki ku boma?" Iwo ankati ayi, angotopa kumva Mulungu kudzera m'kamwa mwa anthu ena. Ankati Lamulungu mlaliki amakutapira lichero limodzi, koma iwo ankafuna kulowa m'nkhokwe momwe. Atangotha kulumikiza mawu, anagulitsa mbuzi n'kuyenda wapansi kukagula Baibulo. Mbuziyo inali ya aNabanda, ndipo mkangano wa m'nyumba imeneyo unayambira pamenepo.

Kumtunda kwa munda wawo wa kachewere kuli mwala waukulu wosalala, wopendekeka pang'ono ngati mpando. Akalima mpaka dzuwa kufika pamutu, ankasamba m'manja ndi madzi a m'chigubu, kupukuta pachijasi, kukhala pamwalapo, n'kumasula Baibulo m'kansalu kamene ankalikulungamo. Ankawerenga mokweza, chala chikuyenda pansi pa mawu, pang'onopang'ono ngati munthu woyenda poterera. Ankayambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, akamaliza n'kuyambiranso, chifukwa ankati mlimi sayamba kupalira pakati pa mzere. Ngakhale masamba aja odzaza maina okhaokha, uje anabala uje, amene ife timawalumpha, iwo ankawatchula limodzilimodzi, lilime likupindika. Nditawafunsa chifukwa chake, anati anthu amenewo anali ndi amayi awo, ndipo palibe mayi angakondwe kumva kuti mwana wake walumphidwa.

Chinanso, sankangowerenga. Ankayankha. Ukamadutsa m'njira ya kudambo unkamva kuti, "Aaa, achimwene, pamenepa mwalakwa!" Ukacheuka, palibe wina aliyense, akudzudzula mfumu ina ya m'bukumo imene inafa kalekale. Tsiku lina anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa, nakhala pakhonde. ANabanda atafunsa, anangoti, "Watisiya mkulu uja." Mayi aja anaponya lichero pansi n'kuyamba kulira, poganiza kuti ndi amalume awo a ku Sharpevale amene ankadwala masiku amenewo. Anthu oyandikana nawo anayamba kufika, ena atamanga kale nsalu m'chiuno. Ndiye pamene zinadziwika kuti womwalirayo ndi mkulu wa m'Baibulo uja anatsogolera anthu m'chipululu, ndipo wafa dziko lolonjezedwa akuliona ndi maso koma osalowamo. ANabanda anawathamangitsa ndi mthiko mpaka kukhola la ng'ombe. Atsibweni ankathawa akufuula kuti, "Koma n'zachisoni ndithu, aNabanda, munthu atayenda mtunda wonsewo!"

Kuwerenga kwawo kunali ndi vuto limodzi kwa ife apabanja: sikunkathera pamwala. Akapeza mawu olamula, ankatseka buku n'kudzifunsa kuti ndiye mawa m'mawa achite chiyani. Ankati Mulungu si mlendo wa Lamulungu amene umamupatsa mpando wabwino kenako n'kumuperekeza. Akalowa pakhomo amafuna kuona ndi kuchipinda komwe, kunkhokwe ndi kumunda. Mtima wogawanika ankati uli ngati khasu logweduka, limavulaza mwini wake yemwe. Atawerenga zoti dzuwa lisalowe munthu uli chikwiyire, aNabanda anaona zakuda. Akangokangana masana, madzulo atsibweni ankawalondola kulikonse, kuchitsime, kukhitchini, akuloza kumadzulo. "ANabanda, dzuwa likulowa." Mayi aja, amene mkwiyo wawo unkafuna kugonera kuti upse bwino, ankayankha osacheuka. "Lilowe!" Tinakula tikumva zimenezi, mpaka ana a m'mudzi ankazitengera kumasanje.

Musawayese munthu wa nkhope yolimba. Paukwati ngoma ikayamba, ankavula chijasi, kutenga chishango ndi chibonga, n'kuponda pansi mpaka fumbi kobo. Ena a mumpingo atang'ung'udza kuti munthu wa Baibulo sayenera kutero, anati iwo awerenga za mfumu ina imene inavina pamaso pa Mulungu ndi mphamvu zake zonse, ndipo amene anainyoza ndiye anapeza tsoka. Mowa wokha ankaupatuka. Ngakhale anyamata a chipani amene ankaima pachipata cha msika wa Tsangano kufunsa makadi ankawadziwa. Khadi lawo atsibweni ankaliika m'Baibulo, pamene alekezera. Akawaimitsa, ankamasula kansalu kaja mosafulumira, kuvala mandala omanga ndi ulusi amene anagula m'sitolo ya Che Daudi, n'kunena kuti poti buku latseguka kale, si bwino kulitseka osamvako kanthu. Anyamata aja ankaima dzuwa likuwaotcha, anthu akuunjikana kumbuyo, mkulu akuwerenga chala pamawu. Sipanapite nthawi anayamba kuwakodola akali patali. "Pitani, agogo, pitani, tikudziwa muli nalo."

Koma chimene anthu a kwathu adzawakumbukire nacho ndi mizere ya mlendo. Chaka china, ali m'mabuku aja ovuta a malamulo, anapeza pamene Mulungu akuuza alimi kuti pokolola asamalize munda wonse mpaka m'mphepete, asiyeko kuti akunkhe wosauka, wamasiye ndi mlendo. Anatsika pamwala akuthamanga, chijasi chikuuluka, kudzauza aNabanda kuti zaka zonsezi akhala akuba osadziwa.

"Mwaba chiyani? Kwa yani?"

"Mizere ya m'mphepete, aNabanda. Si yathu."

Mayi anati ngati si yathu, mwini wake azibwera kudzapalira.

A Tembo, mkulu wa mpingo amene anaweta nawo ng'ombe ali ana, anayesa kuwabweza. Anati lamulo limenelo linali la anthu akale a dziko lina, ndipo likunena za tirigu ndi mphesa, osati kachewere wa ku Ntcheu. Atsibweni anati tirigu ku Tsangano aliponso, ndipo ngati Mulungu sanatchule kachewere n'chifukwa choti anthu aja anali asanamulawe. A Tembo anati chachikulu ndi mtima wopatsa, ndipo chopereka cha masika kutchalitchi chikukwanira. Atsibweni anati cha masika amapereka, koma wamasiye wamanyazi sapita kukapempha kwa akulu a mpingo, pomwe kumunda atha kubwera yekha osaonedwa. Anakangana zaka ndi zaka, pamaliro, paukwati, ngakhale pangolo popita kuchigayo, ndipo palibe anagonja. A Tembo sanali munthu woumira ayi. Ankangoona kuti mnzawo akusenza katundu amene sanamutume.

Kachitidwe kawo kanali aka. Tsiku lobzala, mbewu isanalowe pansi, ankakhoma chikhomo cha nsungwi kumtunda, pafupi ndi mwala uja, kupatula mizere itatu. Ankachita dala kukhoma pobzala. Ankati ukadikira tsiku lokumba, maso ndi akuba, amasankhira Mulungu mizere yonyozeka. Mizere itatuyo ankaithira manyowa, kuipalira ndi kuikwezera mofanana ndi inzake, koma pokumba makasu athu ankalekeza pachikhomo. Yotsalayo ankadzakumba aliyense wosowa, kaya ndi agogo olera adzukulu okha, kaya ndi apaulendo. Wina akafika iwo ali pamwala, ankakweza Baibulo kubisa nkhope n'kumawerenga mokweza kwambiri, kuti munthuyo akumbe mopanda manyazi. Nthawi zina ankakumba ndi alesi odziwika, nthawi zina nungu ndi anyani. ANabanda ankafunsa ngati anyani nawonso analembedwa m'gulu la amasiye. Anthu ena powatonthoza mayiwo ankati musadandaule, kupatsa n'kuika. Atsibweni mwambi umenewo ankaukana. Ankati iwo sakuika kanthu, ndipo sakupatsanso, chifukwa munthu supatsa chinthu chimene si chako.

Zonsezi zinali zoseketsa pamene zaka zinali zabwino, malole a ku Blantyre akubwera kudzanyamula matumba. Mizere itatu m'munda waukulu ndi chiyani? Chaka chimene tinaleka kuseka ndi chija nkhondo ya ku Mozambiki inafika pafupi ndi malire. Kwathu malire ndi msewu chabe, ndipo a kutsidya ndi abale athu, timakwatirana, timamvana chilankhulo. Anayamba kuwoloka ndi mitolo pamutu, kumanga zisakasa kunja kwa mudzi. Chaka chomwecho kunagwa mvumbi wosalekeza, nkhungu osachoka, ndipo kachewere anagwidwa chiwawu. Masamba anada ngati wina wadutsa ndi moto. Ine ndinali nditakwatiwa kale m'mudzi woyandikana, ndipo ndinabwera kudzathandiza kukumba. Abale inu, fungo lake! Ukaponya khasu, m'malo mwa kachewere unkatukula zophwanyika zonunkha. Munda wonse uja tinatolamo timbatata tochepa, tamawangamawanga, toyenera kudya msanga koma osati kusunga mbewu.

Mizere itatu ya kumtunda ija, kumene kumawomba mphepo ndipo madzi sakhalitsa, inapulumuka. ANabanda anafukula phando limodzi ndi dzanja, ndipo anatulutsa kachewere wosalala, wamkulu ngati chibakera. Mbewu ya chaka chamawa inali pamenepo basi. Kwa anansi kunalibe kopempha, poti chiwawu sichinasiye khomo. Mlimi wa kachewere akataya mbewu, ndiye kuti wataya ndi chaka chinacho chomwe.

"Bambo a Eliya," anatero mayi mofatsa, ndipo kufatsa kwa aNabanda kunali koopsa kuposa kukalipa kwawo, "munda uli ndi mphepete zinayi. Chaka chino mlendo timusiyire ya kumunsi."

"Ya kumunsi yaola."

"Bukulo linanena kuti ya kumtunda?"

Atsibweni anakanda m'mutu. "Silinanene."

"Ndiye zulani chikhomocho."

Sanazule, komanso sanakane. Anapempha kuti awapatse nthawi akafunse. Ndipo ndikuuzeni, munthu uja anafufuza ndi mtima wonse, chifukwa nawonso mbewuyo ankaifuna. Masiku angapo ankakwera kumwala m'mawa, osayankha mfumu iliyonse, akungotembenuza masamba uku ndi uku kufuna pamene palembedwa kuti chaka cha chiwawu lamulo limapuma. Tsiku limene anatsika ndi yankho ndinalipo, tikusankha timbatata tija pabwalo. Anakhala pansi n'kuvula mandala.

"ANabanda, ndinapita kukafuna chilolezo, ndabwerako ndi chidzudzulo."

Anapeza pamene Mulungu akudandaula za anthu omubweretsera nyama zakhungu ndi zotsimphina, zonenepa atasunga kukhola, n'kuwafunsa ngati wolamulira wawo angalandire zoterozo. Anati akanakonda akanapanda kuliona tsamba limenelo, koma aliona.

"Ndiye chaka chamawa tidzabzala masamba a bukulo?"

"Sindikudziwa chimene tidzabzale. Ndikuopa ngati inu nomwe. Koma chikhomo chija ndinakhoma ndekha, ndipo Iye anaona."

Madzulo a tsiku limenelo atsibweni analoza kumadzulo mwa nthawi zonse, nati dzuwa likulowa. ANabanda sanayankhe kanthu, ngakhale "Lilowe" yemwe. Apo ndiye tinadziwa kuti zinthu zavuta, ndipo ine ndinabwerera kwathu mtima uli m'mwamba.

Zimene zinachitika m'mawa mwake anandiuza ndi aNabanda eni ake, patapita zaka, tikutong'ola chimanga. Anadzuka kukungocha, natenga khasu lawo latsopano ndi dengu lalikulu. Akuti mumtima ankati lamulo lagwira amene analiwerenga, iwo sanaliwerenge. Atafika kumtunda, m'nkhungu muja anaona mayi wina atagwada pamzere woyamba, mwana ali kumbuyo, kamtsikana pambali katagwira kambale. Anali mmodzi wa othawa nkhondo aja, dzina lake Luwiza, ndipo ankakumba ndi kamtengo kosongola. Ataona mwini munda ndi khasu paphewa, anagwetsa kamtengo n'kuomba m'manja.

"Pepani, mayi. Anatiuza kuti mizere iyi ndi ya alendo. Ngati anatinamiza tibweza, sitinadyeko."

ANabanda akuti mawu onse omuthamangitsira anali atafika kale pakamwa. Koma maso awo anagwera m'kambale muja, ndipo anaona kachewere wokongola uja atabooledwabooledwa ndi kamtengo, wina atang'ambika pakati. Chimene chinawapweteka ndi chimenecho.

"Iii, mayi inu, kukumba kwake n'kumeneku? Mukuwononga chakudya! Kwanu simulima kachewere?"

"Timalima, mayi. Makasu anatsala m'nyumba, nyumbayo inapsa."

"Tapatukani."

Anatula dengu n'kuyamba kumusonyeza kuti khasu umaponya m'mbali mwa mzere, osati pamwamba, n'kutukula dothi lonse. Anakumba phando limodzi, kenako lina, kamtsikana kakutola kakuseka poona kukula kwa mbatata. Akuti anadzazindikira dzuwa litatuluka kuti amaliza mzere wonse, ndipo dengu lawo lija ladzaza. Anamusenzetsa Luwiza dengulo, namupatsanso khasu, nati akauze anzake a m'zisakasa adzakumbe iwiri yotsalayo ngati anthu, osati ngati nungu.

Atsibweni anali pakhonde. Anawaona akutuluka m'mawa muja koma sanawaletse, anangokhala pansi n'kumapemphera, buku lili chitsekere pamiyendo. Tsopano anaona akazi awo akubwera manja ali lende, matope mpaka m'zigongono.

"ANabanda, khasu lili kuti?"

"Musandifunse."

"Nanga dengu?"

"Ndati musandifunse! Buku lanulo latha katundu m'nyumba muno. Linayamba ndi mbuzi yanga."

Atsibweni anaseka mpaka chifuwa cha ku Joni chinawagwira, misozi ili chuchuchu, ndipo mayi anachita kuwamenya pamsana kuti apume, mwina mopitirira pang'ono.

Musaganize kuti kumwamba kunagwa matumba a mbewu. Sikunagwe kanthu. Nthawi yobzala itayandikira, atsibweni, munthu wa imvi, anapita kukagwira ganyu m'dimba la a Tembo, amene kachewere wawo wam'chilimwe anachita bwino, kuti alipidwe mbewu. A Tembo anafuna kungowapatsa chifukwa cha chinansi, koma atsibweni anati manja ali nawo, zaulere zisiyire alendo. Ndiye akuluakulu awiri aja ankathirira limodzi, akukangana za lamulo lomwe lija kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mbewu imene anapeza inakwana theka la munda. Theka linalo linamera chisoso, malata ofolera nyumba anadikira zaka zina, ndipo Eliya, mwana wawo wamwamuna, anakhala chaka chathunthu pakhomo osabwerera kusekondale. Zinamuwawa mnyamata uja, ndipo sanaiwale. Pa theka lomwelo, tsiku lobzala, chikhomo chinakhomedwa. Khasu lija linabwerera patapita miyezi, lili ndi mpini watsopano wosemedwa bwino. Dengu silinabwerere, ndipo aNabanda amalitchulabe mpaka lero.

Zaka zomaliza maso anayamba kuchita khungu, mandala a Che Daudi osathandizanso. Ankakwerabe kumwala ndi ndodo, kutsegula buku pamiyendo, ndipo aliyense wodutsa wodziwa kuwerenga ankagwidwa ganyu yopanda malipiro. Ine ndinagwidwapo kangapo. Ukalumpha kanthu ankadziwa. "Esinati, wasiya mawu pamenepo, bwerera." Tsiku lina ndinawafunsa ngati satopa, poti nkhani zonse akuzidziwa kale mathero ake. Anati munda uwunso amaudziwa, koma chaka chilichonse amaulima. Anati chimene amafuna m'bukumo si nkhani, ndi Mwini wake, ndipo munthu amene umamukonda sutopa kumva mawu ake ngakhale akubwereza zomwezomwezo. Kenako anawonjezera monong'ona kuti n'chifukwa chake "Lilowe" wa aNabanda sanatope naye.

Anamwalira chaka chatha mvula ikutha, kachewere atakhwima koma asanakumbidwe. Chifuwa chija ndi chimene chinawatenga. Tsiku lomalizalo anakangana ndithu, chifukwa anakana phala limene mayi anawaphikira. Chakumadzulo anakweza chala movutikira kuloza pazenera, nati, "ANabanda, dzuwa likulowa." Ife tonse tinali m'nyumbamo. Mayi anakhala pamphasa, nagwira dzanja lija, nati, "Palibe mlandu, bambo a Eliya. Palibe mlandu." Ndinalira kuposa mmene ndinalirira kumanda.

Maliro atatha, Eliya, amene tsopano amagwira ntchito ku Blantyre, anatsalira kuti akumbitse munda. Anapeza aganyu, napangana ndi wa lole. Atafika pachikhomo anachizula n'kuchiponya pambali, nati za mizere zapita ndi eni ake, amayi asavutikenso. Ankayesa akuwakondweretsa. ANabanda, ali m'zovala zakuda, anali atakhala pansi m'mbali mwa mwala, chifukwa pamwamba pake sakhalapo.

"Eliya, bwezera chimenecho pamene wachipeza."

"Amayi, si inu nomwe munkakana zimenezi moyo wanu wonse? Ine sukulu ndinaima chifukwa cha mizere imeneyi."

"Ndikudziwa, mwanawe, ndipo ndinalira nawe. Koma ine ndinkakangana ndi mwamuna wanga. Iwe ndiwe yani pa mlandu umenewu? Bwezera."

Eliya anayang'ana ine msuweni wake kuti ndimuthandize, ine n'kuyang'ana kumwamba ngati ndaona kabawi. Anatola chikhomo nachikhomanso, molimba kuposa mmene chinkafunikira. Baibulo lija lili kunyumba m'kansalu kake. ANabanda amaitana adzukulu kuti awawerengere, kuyambira tsamba loyamba, ndipo ana akudandaula kuti agogo nawonso ayamba kuyankha.

Loweruka lija, anthu atabalalika kuchiliza, aNabanda anandikoka dzanja kuti tikwere kumunda. Munda wa chaka chino anabzalitsa okha, ndipo unali utakumbidwa kale, dothi lili lotembenuzika mpaka kumunsi. Kumtunda kokha kunatsala mizere yosakumba, kuseri kwa chikhomo chatsopano. Ndinaiyang'ana bwinobwino, ndipo inali inayi.

"Mayi, atsibweni ankasiya itatu."

"Maso anga akalamba, Esinati, usandivute."

Mwala uli pomwepo. Pamene ankakhala pakadali pakuda ndi posalala chifukwa cha chijasi chija, koma pansi pamene mapazi awo ankaponda pamera udzu, ndipo abuluzi akuothera dzuwa pamwamba osaopa munthu. Palibe wodzudzula mafumu, palibe wotchula maina ovuta aja. Kukhala chete kumeneko kunandipweteka kuposa chiliza cha simenti.

Tili chiimire, ndinaona kuseri kwa tchire mayi wina amene sindimudziwa, beseni lili m'manja, akudikira kuti tichoke. Pamwala panalibe woti akweze buku kubisa nkhope. ANabanda anandigwira pamkono, nanditembenuza, n'kuyamba kundidandaulira mokweza kwambiri za dengu lawo lija, ndipo tinatsetsereka osacheuka.